CV imodzi, malikisi atatu osiyana: kodi ndikhulupirire ati?

Funso la wowerenga: "Ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ndipo ndagwirapo ntchito zaka zisanu. Pa miyezi inayi yapitayi ndafunsira ntchito m'malo oposa 40, koma ndaitanidwa ku intavyu kamodzi kokha. Mnzanga anandiuza kuti masiku ano CV imayamba kuwerengedwa ndi kompyuta munthu asanaione, ndipo anandionetsa mapulogalamu aulere a pa intaneti oyeza CV. Ndinayesa atatu ndi CV yomweyo. Ina inandipatsa 54 peresenti, ina 71, ina 38. Zonse zikuti ndilipire kuti zindithandize kukweza malikisi. Kodi vuto langa ndi limeneli? Ndilipire?"

Achemwali, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Mapulogalamu amenewa ali ndi ntchito yake ndipo ndikuuzani mmene mungapindulire nawo, koma nambala imene akupatsaniyo palibe wolemba ntchito aliyense amene adzaione. Ndakhala zaka zambiri kumbali inayo ya tebulo, ndikutsegula ma CV a anthu m'mawa uliwonse, ndipo sindinaonepo CV ikufika kwa ine itamatidwa malikisi ochokera ku pulogalamu yaulere. Malikisiwo amabadwira pa kompyuta yanu n'kufera pomwepo.

Mnzanuyo sananame kwenikweni, kungoti nkhaniyi imakula ikamayenda pakamwa. Makampani akuluakulu ndi mabungwe ambiri amalandiradi makalata ofunsira ntchito kudzera m'pulogalamu imene anthu a ntchito yathu timangoitchula kuti ATS. Alipo ambirimbiri: Workday, Taleo imene kampani ya Oracle inagula mu 2012, SuccessFactors ya kampani ya SAP, iCIMS, Greenhouse, Lever ndi ena. Ntchito yake yaikulu ndi ya nkhokwe. Mukatumiza CV, pulogalamuyo imaiphwanyaphwanya: dzina apa, nambala ya foni apa, maphunziro uko, malo amene munagwirako ntchito ndi zaka zake uku. Kenako imasunga zonsezo kuti wolemba ntchito athe kuona amene afunsira, kusaka mawu ena m'kati mwake, kulemba ndemanga, kuitana anthu ku intavyu ndi kutumiza makalata okana. Kampani iliyonse imaitchera yokha mmene ikufunira, ndipo ngakhale m'kampani imodzi, ntchito iyi ndi iyo zimatcheredwa mosiyana. Wolemba ntchito wina amasaka mawu, wina amangotsegula CV imodzi ndi imodzi motsatira tsiku limene zinafika.

Tsono taganizani. Pulogalamu yaulere imene munaikamo CV yanu sinalowepo m'kompyuta ya kampani imene mukufunsirako. Sikudziwa ngati akugwiritsa ntchito Workday kapena akungolandira makalata pa imelo, sikudziwa zimene bwana wa dipatimenti ananena kuti ndi zosakambirana, sikudziwanso kuti afunsira ndi anthu 30 kapena 900. Imangolota. Ina imawerenga mawu a m'chilengezo cha ntchito n'kuona kuti ndi angati amene akupezekanso mu CV yanu. Ina ilibe n'chilengezo chomwe, imangoyeza kutalika kwa CV, kuchuluka kwa manambala m'ziganizo, ndiponso ngati mwabwereza mneni mmodzi kangapo. Ina imaphatikiza zonsezi ndi sikelo yakeyake imene eni ake sanena. N'chifukwa chake mwapeza 54, 71 ndi 38 pa pepala limodzi. Palibe imene yalakwitsa masamu. Iliyonse yayankha funso lake, ndipo pa mafunso atatuwo palibe limene ndi lanu, loti kodi andiitana.

Mwina munaonanso pa masamba amenewo chiganizo choopseza chija, choti 75 peresenti ya ma CV amatayidwa ndi kompyuta munthu asanawaone. Anthu amene anayesa kulondola gwero la nambalayi anakafika pa kampani ina ya ku America yotchedwa Preptel, imene inkagulitsa chithandizo chokonza ma CV ndipo inatsekedwa mu 2013 isanaonetse kafukufuku wochirikiza nambalayo. Wogulitsa mankhwala ndi amene anatulukira matendawo. Nambalayo ikuyendabe mpaka lero chifukwa imagulitsa.

Komabe sindikufuna muwataye mapulogalamuwa, chifukwa pa zinthu ziwiri amathandizadi, ndipo choyambacho n'chachikulu kuposa mmene anthu amaganizira.

Choyamba n'kuona ngati makina akutha kuwerenga fayilo yanu. Pali ma CV okongola kwambiri amene anthu amakonza masiku ano: magawo awiri oimirira, chithunzi pakona, tizithunzi ta foni ndi envelopu m'malo mwa mawu, luso la Excel litaonetsedwa ndi timadontho tinayi pa tisanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina ambiri amawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere, ndiye akakumana ndi magawo awiri ena amawasakaniza, dzina la sukulu n'kukalowa pakati pa chiganizo cha ntchito. Zimene mwaika m'kabokosi, m'tebulo, kapena kumutu ndi kumapazi kwa tsamba, ena amazidumpha, ndipo kumutu kwa tsamba n'kumene anthu ambiri amaika foni ndi imelo yawo. Timadontho tija kwa makina si kanthu. Choipitsitsa ndi CV imene munthu anaisindikiza, n'kuijambula ndi foni kapena sikana, n'kuisunga ngati PDF. Kwa inu ikuoneka mawu, koma kwa pulogalamu yosatha kuwerenga zithunzi ndi tsamba lopanda kanthu. Ndikukumbukira mayi wina amene anali woyenerera bwino ntchito imene tinkalemba pa kampani ina imene ndinkagwirako. Pa mndandanda wathu ankaoneka ngati munthu wopanda maphunziro ndi ntchito iliyonse, mabokosi onse ali gwa, opanda kanthu. Ndinatsegula fayilo yake mwangozi chabe, ndikufufuza za munthu wina wa dzina lofanana.

Dziwani kuti CV yosawerengeka bwino nthawi zambiri sikanidwa. Imakhalamo ndithu, ndipo wolemba ntchito akaitsegula amaiona monga mmene munaitumizira. Vuto lake n'lakuti akasaka mawu, inu simutuluka. Pamene afunsira ndi anthu 40, zilibe kanthu, tidzatsegula onse. Pamene afunsira ndi mazanamazana, ambiri a ife timayamba ndi kusaka.

Pulogalamu yaulere imene imakuonetsani mmene yaphwanyira CV yanu, kuti dzina yapeza ili, ntchito yomaliza yapeza iyi, zaka yawerenga izi, imeneyo ndi yothandiza, ndipo chigawo chimenecho n'chimene muyenera kuyang'anitsitsa, osati nambala yaikulu ya pamwamba ija. Mayeso omwewa mungathe kuwachita nokha opanda intaneti. Tsegulani CV yanu, sankhani mawu onse, akopereni mu Notepad, kapulogalamu ka pa kompyuta kolembamo mawu okhaokha. Ngati akana kusankhika, ndiye kuti ndi chithunzi. Ngati atuluka osokonekera, makina enanso asokonekera chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi osavuta: gawo limodzi lotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, mitu yodziwika imene aliyense amalemba, masiku olembedwa mofanana paliponse ndi mwezi ndi chaka, foni ndi imelo zili m'kati mwa tsamba, ndipo fayilo ikhale ya Word kapena PDF yochokera mu Word. Chilengezo chikanena mtundu wa fayilo, tsatirani umenewo.

Chachiwiri n'kuyerekezera mawu anu ndi a m'chilengezo. Ife anthu timazolowera kutchula ntchito yathu mmene ankaitchulira pamalo pamene tinkagwira, n'kuiwala kuti kwina amaitchula mwina. Inu mwina munalemba kuti munkaonetsetsa kuti mabuku a kampani akugwirizana ndi sitetimenti ya ku banki, pamene chilengezo chikuti bank reconciliation. Munalemba kuti munkalipira ogulitsa katundu, chilengezo chikuti accounts payable. Munalemba kuti mumadziwa mapulogalamu owerengera ndalama, osatchula kuti ndi Sage kapena QuickBooks, pamene wolemba ntchito akusaka dzina lenilenilo. Apa pulogalamu ngati Jobscan, imene imakulolani kuika chilengezo pambali pa CV, imakutsegulani maso mwachangu. Mndandanda wa mawu osowa umene imakupatsaniwo muuwerenge ndi funso limodzi pa liwu lililonse: kodi ichi ndinachichitadi? Ngati inde, chilembeni ndi mawu a m'chilengezo, pamalo pamene munachichitira, osati kungochiponya pa mndandanda wa maluso. Ngati ayi, chisiyeni. Mudzaona kuti theka la mndandandawo ndi mawu opanda pake, monga dynamic kapena fast-paced, amene palibe wolemba ntchito amawasaka. Amenewo musawalabadire ngakhale malikisi atsike.

Pamenepa ndi pomwe phindu lawo limathera, ndipo pomwe anthu amayambira kudzivulaza. Munthu akaona 54 amafuna 80, ndiye amayamba kuthira mawu. Ndawerengapo ma CV amene chiganizo chilichonse chinali chilengezo chathu chomwe chitatembenuzidwa, moti sindikanatha kudziwa chimene munthuyo anachitapo pa moyo wake. Ena amakopera chilengezo chonse n'kuchibisa pansi pa tsamba ndi zilembo zoyera, poganiza kuti makina aona koma munthu saona. Makinawo akaphwanya CV amatulutsa mawu onse poyera mu mtundu umodzi, obisika ndi osabisika omwe, ndipo wolemba ntchito akaziona amadziwa kuti munthuyu ndi wachinyengo. Kwa inu amene mukufuna kuti akupatseni mabuku a ndalama, palibe dzina loipa kuposa limenelo.

Pulogalamuyo imawerenga mawu, siimva tanthauzo. Ikaona nambala m'chiganizo imasangalala kuti mwaonetsa zotsatira, ngakhale nambalayo ndi yoti munkakhala pa misonkhano 12 pachaka. Koma siingasiyanitse pakati pa munthu amene analemba kuti anali ndi udindo wotseka mabuku mwezi uliwonse ndi amene analemba kuti anapeza mabuku akutsekedwa pa tsiku la 15 n'kuwafikitsa pa tsiku la 5. Kwa bwana wa zachuma, chiganizo chachiwiricho n'chimene chimamuimitsa. Kampani ya Ladders inachita kafukufuku wotsatira maso a olemba ntchito mu 2018 n'kupeza kuti kuyang'ana koyamba kumatenga masekondi pafupifupi 7. Nambalayo musaitenge ngati lamulo, nayonso inachokera kwa ochita malonda pa nkhani za ntchito, koma ikufanana ndi zimene ndimachita ine: maso amayamba pa udindo wanu womaliza, dzina la kampani, zaka, kenako mizere iwiri kapena itatu yoyamba. Ngati pamenepo pali phala la mawu othiridwa pofuna kusangalatsa makina, ndadutsa.

Chinthu chimene chimakanadi anthu popanda munthu kuwaona chilipo, koma sichili mu CV, ndipo mapulogalamu aulerewa sachiona n'komwe. Ndi mafunso a pa fomu aja amene mumayankha mothamanga mutatha kuika fayilo. Kodi muli ndi chilolezo chogwira ntchito m'dziko muno? Muli ndi digiri? Mwagwira ntchito imeneyi zaka zingati? Mukufuna malipiro otani? Mungathe kusamuka? Mafunso amenewa kampani imatha kuwatchera kuti yankho lina likangolowa, munthu apite yekha ku gulu la okanidwa. Ngati atchera kuti digiri ndi yosakambirana, inu wa dipuloma mwatuluka ngakhale CV yanu itapeza 100 peresenti kwina kulikonse. Mu 2021 sukulu ya zamalonda ya Harvard pamodzi ndi kampani ya Accenture anatulutsa lipoti lotchedwa Hidden Workers, atafunsa olemba ntchito ku United States, United Kingdom ndi Germany. Olemba ntchito 88 pa 100 alionse anavomereza kuti anthu aluso lapamwamba oyenerera ntchito amasefedwa chifukwa chosafanana ndendende ndi zimene zinalembedwa m'chilengezo, ndipo pa ntchito za luso lapakati anavomereza ndi 94 pa 100. Lipotilo linatchulanso kuti pafupifupi theka la iwo amasefa munthu amene wakhala miyezi yoposa 6 osagwira ntchito. Onani kuti sefa imeneyi amaitchera ndi anthu. Nthawi zina amaitchera mophwanya lamulo: mu 2023 kampani ya iTutorGroup inavomera kulipira madola 365,000 pa mlandu umene bungwe la boma la America loona za tsankho pa ntchito linaisumira, woti pulogalamu yake inkakana yokha amayi a zaka 55 kupita m'tsogolo ndi abambo a zaka 60 kupita m'tsogolo. Palibe liwu limene anthu amenewo akanawonjezera mu CV kuti apulumuke.

Ndisakubisireni mbali ina. Mapulogalamu osanja anthu ndi nzeru za makina akuchuluka. Workday inagula kampani ya HiredScore mu 2024, imene ntchito yake ndi kuika ofunsira ntchito m'magulu potengera mmene akuyenerera. Zoterezi zili ndi mbiri yake yosakoma: mu 2018 bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linalemba kuti kampani ya Amazon inasiya pulogalamu yake yoyesera kusankha anthu itazindikira kuti inkatsitsa ma CV okhala ndi liwu loti women's, popeza inaphunzira pa ma CV a zaka khumi amene ambiri anali a amuna. N'chifukwa chake mzinda wa New York kuyambira mu July 2023 umalamula kuti zida zotere ziziunikidwa ngati zilibe tsankho, ndipo lamulo la European Union la 2024 loona za nzeru za makina linaika zida zolembera anthu ntchito m'gulu la zoopsa kwambiri. Koma izi sizikweza mtengo wa malikisi anu a 54 aja. Zikuutsitsa. Makina atsopanowa amayesa kumva tanthauzo, amadziwa kuti mawu awiri osiyana angatanthauze ntchito imodzi, ndipo njira imene amasanjira ndi chinsinsi cha eni ake. Pulogalamu yaulere yowerenga mawu obwerezedwa siingalosere zimenezo.

Tsopano za kulipira. Dzifunseni kuti kampani imene ikukuyezerani mwaulere imadya chiyani. Ikakuuzani kuti CV yanu ili bwino, mupita osabweranso. Ikakuuzani 38 ndi zilembo zofiira, n'kubisa theka la zolakwika kuseri kwa batani lolipira, mtima umagunda ndipo dzanja limapita ku khadi. Sindikunena kuti onse amatsitsa malikisi dala, koma sikelo ili m'manja mwa wogulitsa. Ambiri amalipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo kuyesa kwa masiku ochepa kuja kumasanduka kokha malipiro opitirira ngati simunaletse. Palinso mtengo wina umene mwalipira kale osadziwa. Mu CV muli dzina lanu lonse, foni, imelo, kumene mumakhala, kumene munagwira ntchito, mwinanso tsiku lobadwa ndi manambala a anthu okuchitirani umboni amene sanavomere kuti aperekedwe kwa aliyense. Zimenezi n'zimene akuba a pa intaneti amafuna akamakonza makalata abodza a ntchito. Ulendo wina musanaike CV pa tsamba lililonse loyeza, chotsani zonsezi, musiye maphunziro ndi ntchito zokha, poti mayesowo safuna dzina lanu lenileni. Pa masamba atatu amene mwaikapo kale, fufuzani pofufutira akaunti ndi mafayilo, ndipo ngati palibe alembereni kuti afufute.

Tibwerere ku makalata anu 40 aja, chifukwa yankho lenileni lili mmenemo. Khalani pansi ndi pepala, mulembe ntchito iliyonse, njira imene munatumizira, ndi nthawi imene yankho linabwera. Amene munatumiza pa imelo ya munthu kapena kukasiya pa ofesi, achotseni pa nkhani ya makina, amenewo anawerenga ndi anthu kapena sanawerengedwe n'komwe. Makampani ang'onoang'ono ambiri alibe ATS. Amene kukana kunabwera patangopita mphindi kapena maola ochepa, kapena pakati pa usiku, kayikirani mafunso a pa fomu, ndipo kaoneninso chilengezocho ngati sichinafune digiri, satifiketi ya bungwe la akatswiri owerengera ndalama monga ACCA, kapena zaka zoposa zanu. Amene kukana kunabwera patapita milungu, nthawi zambiri munthu anakuonani n'kusankha wina, kapena malowo anali ndi mwini wake kale m'kati mwa kampani. Amene sanayankhe n'komwe sakukuuzani kanthu. Ndiye muwerenge moona mtima kuti pa 40 amenewo ndi angati amene munali ndi zofunika zazikulu zonse, ndiponso ndi angati amene munasinthira CV kuti igwirizane ndi chilengezo. Ndikafunsa anthu funso lomalizali, ambiri amaseka kaye. Ntchito khumi zofunsiridwa mosamala, CV itakonzedwa pa iliyonse ndipo mutafufuza ngati pali munthu wa m'kati amene angatchule dzina lanu kwa bwana, zimabala zambiri kuposa 40 zotumizidwa ndi fayilo imodzi.

Mukakonza CV, woyesa wabwino kuposa mapulogalamu onse atatu ndi munthu wa ntchito yanu yomweyo amene analembapo anthu, kaya ndi bwana wanu wakale kapena mphunzitsi wanu. Mupatseni chilengezo ndi CV, mumulole ayang'ane theka la mphindi, mulande pepalalo, n'kumufunsa chimene wakumbukira za inu. Akachita chibwibwi, mizere yanu yoyamba sikugwira ntchito.

Ndipo kampani imodzi ija inakuitanani musaiiwale. Pezani chilengezo chake ndi CV yeniyeni imene munatumiza kumeneko, muziike pambali pa zina zisanu zimene sanakuyankheni. Onani kukula kwa kampaniyo, dzina la udindowo, zimene ankafuna, ndi njira imene munatumizira. Ngati mukufuna, iikeninso CV imeneyo ndi chilengezo chake mu pulogalamu yaulere ija, mutachotsa dzina ndi foni, muone malikisi amene ipereke kwa pepala limene linakufikitsani kale pa mpando wa intavyu.